Mpira Wokutidwa ndi Masamba a Baibulo: Ndemanga ya Buku la Samson Kambalu

Pa 28 Seputembala 2022, pa bwalo la Trafalgar Square mumzinda wa London, anavundukula chiboliboli cha M'busa John Chilembwe. Waima chilili, chipewa chili kumutu, ndipo pafupi naye pali mnzake wachizungu, mmishonale John Chorley, amene msinkhu wake ndi wa munthu wamba pomwe wa Chilembwe ukuposa pamenepo pafupifupi kawiri. Mmisiri wa chiboliboli chimenechi, chotchedwa Antelope, ndi Mmalawi mnzathu, a Samson Kambalu, amene pano ndi pulofesa wa zaluso ku yunivesite ya Oxford. Zithunzi zitayamba kuzungulira m'mafoni, ambiri kuno kwathu tinafunsana: kodi ameneyu ndi mwana wa yani, ndipo anadzera njira iti kuti akafike kumeneko?

Yankho analemba kale eni ake m'buku lotchedwa The Jive Talker: Or, How to Get a British Passport. Linatuluka koyamba mu 2008 kudzera ku kampani ya Jonathan Cape, ndipo ya September Publishing inalisindikizanso mu 2022, chaka chomwe chija cha chiboliboli. Ulendo woyamba uja ambiri linatidutsa, choncho kwa owerenga a kuno ndi buku latsopano ndithu. Ndaliwerenga mpaka tsamba lomaliza, mitu ina kawiri, ndipo ndinene poyambirira pomwe kuti ndi limodzi mwa mabuku amoyo kwambiri amene Mmalawi analembapo za ubwana wake.

Mutu wa bukuli ndi dzina limene ana anapatsa bambo awo. Bambowa ankalota zodzakhala dokotala, koma anathera pa udindo wocheperapo m'zipatala za boma, ndipo ntchitoyo inkawasamutsa boma ndi boma, akatundu pagalimoto, ana asanu ndi atatu pambuyo. Ankavala masuti osokedwa ku London m'zaka za m'ma 1960. Usiku wina akamwa Carlsberg Brown, mowa umene iwo ankautcha jive, ankaletsa ana kugona n'kuyamba kuwalalikira nzeru za Friedrich Nietzsche, mkulu woganiza mozama wa ku Germany uja, kuphatikizapo mawu odzilimbitsa mtima akuti munthu angathe kukhala chilichonse chimene wafuna. Ulaliki umenewu ankautchanso jive, ndipo ndi mmene dzina lija linabwerera. M'nyumbamo munalinso kabati ya mabuku ya zigawo ziwiri imene ankaitcha Diptych, dzina la zithunzi zapaguwa zija zimene zimakhala ndi mbali ziwiri zotseguka ngati chitseko. M'kabatimo munali mabuku a sayansi, a nzeru zakuya ndi a alembi otchuka a Chingerezi. Banja likasamuka, kabati inkasamuka nalo. Ndalama zinkabwera n'kupita, nsima ya ndiwo zankhuli mwezi uno, njala yeniyeni mwezi wamawa, koma mabuku sankachoka.

Apa ndi pamene pagona mphamvu yaikulu ya bukuli. Bambo ameneyu timamudziwa. Amene tinakulira m'nyumba za boma, kuseri kwa chipatala kapena pafupi ndi sukulu, tinawaona azibambo a mtundu umenewu: tayi pakhosi ngakhale dzuwa la Okutobala liswe mtengo, Chingerezi chosalala, malipiro othera pakati pa mwezi, ndi mtima wodzaza maloto amene dziko linalibe malo owasungira. N'kosavuta kuti mwana wa munthu wotere, akakula, alembe buku lobwezera kapena loyeretsa bambo ake. A Kambalu sanachite chilichonse mwa ziwirizi. Amatisonyeza munthu wolephera m'zambiri, woledzera, wosautsa mkazi ndi ana, yemweyonso ndi amene anapatsa mwana wake chuma chimene sichikanagulidwa: chikhulupiriro chakuti mnyamata wa ku Malawi ali ndi ufulu woganiza chilichonse chimene munthu wina aliyense padziko anaganizapo. Pofika pa imfa ya bambowa, amene anamwalira ndi Edzi mu 1995, wowerenga amakhala atawakonda ndi kuwakwiyira mofanana, monga mmene zimakhalira ndi bambo ako enieni.

Samson anabadwa mu 1975, choncho ubwana wake wonse unali pansi pa ulamuliro wa Dr Hastings Kamuzu Banda, amene anakhala pulezidenti wamuyaya mu 1971. Bukuli silikamba ndale ngati buku la mbiri yakale. Limangokuonetsa chithunzi cha Ngwazi chili pakhoma, maso ake akukutsata kulikonse, ndi anthu akutsitsa mawu akafika pa nkhani zina. Achinyamata a lero, amene anabadwa riferendamu ya 14 Juni 1993 itadutsa kale, adzamvetsa bwino kudzera m'masamba amenewa kuti mantha ankakhala bwanji m'nyumba, osati m'ndende mokha. Adzadabwanso kuona mnyamata wopenga ndi Michael Jackson, mavinidwe ake ndi kavalidwe kake, m'dziko limene linalibe wailesi yakanema yakeyake mpaka 1999, limenenso lamulo la 1973 linkaletsa amayi kuvala mathalauza.

Mitu ya ku Kamuzu Academy ndi yokoma mwapadera. Sukulu imeneyi, imene inatsegulidwa mu 1981 ku Mtunthama m'boma la Kasungu, inkatenga ana ochepa okhoza kwambiri m'boma lililonse n'kuwaphunzitsa kwaulere Chilatini ndi Chigiriki, aphunzitsi ake ochokera kunja. Samson anafikako mu 1989. Mlembi amaona zonse ziwiri: kudabwitsa kwa nyumba zapamwamba zoterozo pakati pa minda ya fodya ndi midzi yosauka, komanso kuti maphunziro amene anapeza kumeneko anali enieni ndipo anamutsegulira zitseko. Sanyoza chitsime chimene anamwapo, komanso sabisa kuti madzi ake anali ndi matope. Ndinayamikira kuona munthu akulemba za Kamuzu popanda kuimba nyimbo yotamanda kapena yotukwana, pakuti ambiri a ife zimatikanika.

Koma chimene ndinatsegulira bukuli n'chakuti ndione mmene mmisiri amabadwira, ndipo apa ndichedwepo.

Akali mnyamata wamng'ono, Samson anayambitsa chipembedzo chakechake, cha munthu mmodzi, chimene anachitcha Holyballism. Pakati pa chipembedzocho panali mpira wamiyendo womatidwa masamba a Baibulo. Poyamba anali masewera a mwana wowerenga kwambiri, wosokonezeka pakati pa mapemphero a kutchalitchi ndi ulaliki wa usiku wa bambo ake. Patapita zaka, atamaliza maphunziro a zojambula ndi a nyimbo za makolo ku Chancellor College ku Zomba, kumene anaphunzira kuyambira 1995 mpaka 1999, masewera aja anasanduka ntchito yaluso yotchedwa Holy Ball. M'chaka cha 2000 anaionetsa pakoleji pomwepo. Mipira inali pansi, osati pakhoma kapena m'galasi, ndipo olowa m'chipindamo ankaloledwa kuimenya. Ambiri amati chimenechi chinali chionetsero choyamba m'Malawi cha luso la mtundu umenewu, limene chachikulu si kukongola kwa chinthucho koma ganizo limene chimadzutsa mwa wochiona.

Kuti timvetse kulimba mtima kwake, tikumbuke chimene mawu akuti waluso amatanthauza kwa ambiri kuno. Ndi wosema ziboliboli za njovu ndi mipando ya mafumu, wojambula dzuwa likulowa panyanja ndi mayi wosenza mtsuko, woyala katundu wake m'mbali mwa msewu ku Nkhata Bay, ku Senga Bay kapena pafupi ndi positi ofesi ku Lilongwe, kudikira mlendo woti agule. Amisiri amenewa ali ndi manja odalitsika ndipo amadyetsa mabanja, sindikuwachepetsa ayi. Koma msika umawauza chojambula. Mnyamata wa ku Zomba uja anabweretsa chinthu chimene mlendo sangachiike m'chikwama, chimene sichikongoletsa pabalaza, chimene ntchito yake ndi kukuimitsa pakhomo n'kukufunsa: umenya kapena sumenya?

Ine ndinakulira m'nyumba imene Buku Lopatulika linkakhala pamwamba pa kabati, lokutidwa ndi kansalu, ndipo mwana sankaligwira ndi manja a nsima. Ndikanakhala m'chipinda chija, sindikhulupirira kuti phazi langa likanadzuka. Amene anakhumudwa nacho chionetserocho ndimawamvetsa, ndipo sindiwatenga ngati anthu osazindikira. Komabe nditawerenga mmene mpirawo unayambira, ndinaona kuti si chipongwe cha munthu wodana ndi Mulungu. Ndi funso la mwana amene anapatsidwa zinthu ziwiri zokondedwa kwambiri m'dziko lake, Baibulo ndi mpira, zonse zobwera ndi azungu, n'kufuna kudziwa chimene chingachitike zikakumana. Ndipo pali china chimene wowerenga wa ku Britain sangachione msanga, pomwe ife chili pamphuno. Tonse tinapangapo mpira wachikulunga. Tinkatola mapepala, nsanza ndi majumbo, kukulunga, kumanga ndi luzi kapena mphira mpaka chinthu chozungulira chitabadwa, kenaka miyala iwiri uku, iwiri uko, masewera ayambika. Kukuta mpira ndi mapepala ndi luso la mwana aliyense wa m'mudzi ndi m'tauni. Chimene a Kambalu anasintha ndi pepala lokha. Choncho luso limene ena amaliyesa lachilendo, lophunziridwa ku Ulaya, mizu yake ili pabwalo lafumbi la kwathu konkuno.

Muzu wina ndi Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamulemekeza mu 2005 monga chuma cha anthu onse. Sindinena zopitirira zimene zimanenedwa kunja kwa dambwe, koma aliyense amene anaimapo pabwalo amadziwa kuti gule satenga mlendo ngati chinthu chongoopedwa. Amamuvala. Simoni amatuluka ndi nkhope yofiira ya mzungu wopsa ndi dzuwa, Maliya amabwera kuchokera kutchalitchi, ndipo anthu amaseka, amaphunzira, mantha n'kuchepa. Amene anafikako ku Mua, kumalo a zaluso a Kungoni amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, anaona kuchuluka kwa nkhope zoterezi. Bukuli linalembedwa ndi mtima womwewo. Nietzsche, Michael Jackson, Kamuzu, Chilatini, Baibulo, zonse mlembi amazivala kanthawi, kuvina nazo, n'kuzivula. Kalembedwe kake n'kothamanga, kodumphadumpha, kodzaza nthabwala, ndipo Chingerezi chake amachipinda mmene wafunira, mosapempha chilolezo kwa eni chinenero. Pali masamba amene ndinaseka mpaka misozi, kenaka n'kuzindikira kuti chimene ndikusekacho ndi njala ya ana.

Tsopano ndinene pamene bukuli linandisiya ndi ludzu, ndipo ndinena mwaulemu poti ndi buku limene ndalikonda.

Choyamba n'chakuti gawo la mmisiri wamkulu ndi lochepa poyerekeza ndi la mwana. Ku America bukuli linatuluka ndi mutu waung'ono wakuti An Artist's Genesis, kutanthauza chiyambi cha waluso, ndipo mutu umenewo ndi woona: ndi chiyambi chokha. Wophunzira zojambula amene akufuna kudziwa mmene ntchito imayendera tsiku ndi tsiku, mmene munthu amasankhira ganizo limodzi n'kutaya khumi, mmene amapezera chipinda choonetsera, amene amalipira, zimene zimachitika mumtima usiku woti mawa anthu abwera kudzaona, adzapeza zochepa kuposa zimene akanafuna. Masamba ambiri apita ku sukulu, ku zibwenzi ndi ku maloto a kutchuka. Nkhani ikamafika pa chionetsero, imakhala yayamba kale kuthamangira kumapeto.

Chachiwiri chikukhudza akazi a m'bukuli. Atsikana ambiri amalowa ndi kutuluka monga zinthu zimene mnyamata akuzilakalaka, osati monga anthu okhala ndi nkhani zawozawo. Tingati mlembi akunena zoona za mmene mnyamata wa msinkhu umenewo amaonera dziko, ndipo n'zoonadi. Koma wolembayo ndi munthu wamkulu, ndipo ndinayembekeza kuti penapake aima n'kuyang'ananso atsikana aja ndi maso a lero. Chimodzimodzi mayi ake. Amene ankasunga banja pamene bambo akulalikira usiku, amene ankadziwa kuti ufa watsala wa masiku angati, amene nawonso anadzatsatira amuna awo kumanda, saima pakati pa bwalo nthawi yokwanira. Akuluakulu anati mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo. Sindikunena kuti mlembi sawakonda mayi ake, chikondicho chimaoneka. Koma mawu a bambo ndi okwera kwambiri m'bukuli moti a mayi amamveka chapansipansi, monga mmene zinkakhalira m'nyumbamo.

Palinso nkhani ya nthabwala. Ndi mphamvu ya bukuli, koma nthawi zina imakhala chishango. Pamene chisoni chafika pakhosi, pamene wowerenga wakonzeka kukhala pansi n'kulira ndi banja limene Edzi yalilowerera, mlembi amaponya nthabwala n'kudumphira kwina. Ife amene tinaika abale athu m'zaka za m'ma 1990, mankhwala otalikitsa moyo asanafike m'zipatala za boma, timadziwa kuti kuseka pamaliro kulipo, ndipo adzukulu amakudziwa bwino. Koma pamaliro pamakhalanso nthawi imene aliyense amangokhala chete. Nthawi yoteroyo ndinaisowa m'malo angapo. Ndipo poti mlembi amakonda kukometsera nkhani, pena sudziwa ngati chimene ukuwerenga chinachitikadi kapena ndi jive ya mwana wa Jive Talker. Kwa ine zimenezi sizinawononge kukoma kwa buku, koma amene angafune kuligwiritsa ntchito ngati umboni wa mbiri ya nthawi ya Kamuzu ayende nalo mosamala.

Chomaliza n'chakuti bukuli likuyang'ana kwambiri wowerenga wakunja. Mutu wake waung'ono, wonena za mmene ungapezere pasipoti ya ku Britain, ndi nthabwala yoluma imene imaseka maloto a ambiri a ife ofuna kuthawira kunja, komanso imaseka Angerezi amene amaganiza kuti Mwafirika aliyense akufuna zomwezo. Ndinaimva. Komabe m'malo ena ndinaona kuti umphawi wathu, zimbudzi zathu ndi matenda athu zafotokozedwa m'njira yoti mlendo aseke momasuka, ndipo ndinadzifunsa ngati mlembi akanazinena chimodzimodzi pamaso pa anthu a m'maboma amene anakuliramo. Mwina akanatero, poti ndi munthu wosaopa. Koma funsolo linakhala nane. Ndime zina za Nietzsche nazonso zingalemere wowerenga amene sanamvepo za mkuluyu, ngakhale kuti nkhani imayendabe ukazidumpha.

Zofooka zimenezi sizichotsa chimene bukuli lachita. Pamene nkhani yake ikuthera, mnyamata uja ali pakhomo lotulukira, wakwatira, maso ali ku Britain. Zimene zinatsatira tikuzidziwa kuchokera kwina: maphunziro ku Nottingham Trent University ndi ku Chelsea College of Arts, chionetsero chachikulu cha ku Venice mu 2015 chimene anakonza malemu Okwui Enwezor, ndi timakanema tatifupitifupi totchedwa Nyau Cinema, tosapitirira mphindi imodzi, mmene a Kambalu amasewera okha m'misewu ya mizinda yachilendo ngati chilombo chotulukira pabwalo. Iwo akhala akufotokoza kuti anatengera kwa oonetsa kanema a paubwana wawo, amene ankadula mafilimu n'kulumikiza zigawo za ndewu ndi liwiro zokhazokha poti oonera sankatsata Chingerezi. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, koma ukawerenga bukuli umaona kuti madziwe onsewo anawasambira ndi kasambidwe kamene anaphunzira kwawo.

Ndi chifukwa chake chiboliboli cha ku London ndimachiona mwanjira ina tsopano. Nsanja imene chinaikidwapo inamangidwa mu 1841 kuti padzakhale chiboliboli cha mfumu William IV, ndalama zinasowa, ndipo inakhala yopanda kanthu zaka zoposa 150 mpaka pamene anayamba kuikapo ntchito za amisiri mosinthanasinthana. A Kambalu anatenga chithunzi cha mu 1914, chojambulidwa potsegulira tchalitchi cha Chilembwe ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu, miyezi yochepa kuukira kwake kwa mu Januwale 1915 kusanachitike. Masiku amenewo munthu wakuda ankayenera kuvula chipewa pamaso pa mzungu. Chilembwe sanavule. Mmisiri sanamupatse mfuti kapena mkondo, anangomusiyira chipewa chake n'kumukuza msinkhu. Ndi nzeru yomwe ija ya mpira: kutenga chinthu wamba chimene aliyense amachidziwa, kusintha kamodzi kokha, n'kusiya woona adzifunse yekha. Ngakhale dzina lakuti Antelope, kwa Mchewa, limakumbutsa Kasiyamaliro, chilombo chachikulu cha maonekedwe a mphalapala chimene chimalemekezedwa koposa pabwalo. Ndipo munthu wovala suti ndi chipewa, amene anaima mowongoka pakati pa London, wokana kudzichepetsa pamaso pa eni mzinda, sindingamuyang'ane osakumbuka bambo uja wa masuti osokedwa mumzinda womwewo, amene ankalalikira ana ake usiku m'nyumba ya boma.

Bukuli ndi la akuluakulu ndi achinyamata okhwima, poti muli nkhani zachikondi zonenedwa mosabisa. Aphunzitsi a zojambula, ophunzira a m'makoleji, ndi makolo amene mwana wawo amangokhalira kujambula m'makope a masamu, aliwerenge. Ndikanakonda litamasuliridwa m'Chichewa, kuti jive ya bambo uja imveke m'chinenero chimene ana a m'nyumba zoterozo amalotera, komanso kuti lipezeke pa mtengo umene mphunzitsi wa ku pulayimale angaufikire. Kwa a Kambalu pempho langa ndi la buku lachiwiri la moyo wawo, loyambira tsiku limene anatsika ndege ku Britain, lotilowetsa m'chipinda chimene amagwiriramo ntchito, kuti tidzaone ndi maso athu mmene chipewa cha Chilembwe chinaumbidwira.